Ndani alankhule mu uthenga wanu wa malonda: wotchuka, katswiri, kasitomala kapena mwiniwake?

Pamsonkhano wokonza zotsatsa malonda, funso limene limatuluka msanga ndi lakuti "tiitane ndani?" Wina amatchula woyimba amene nyimbo yake ikumveka m'minibasi iliyonse, wina wosewera mpira, wina wanthabwala wa pa TikTok. Koma funso loyenera kuyambira ndi lina: kodi wogulayo akukayikira chiyani? Wogula sopo sakayikira zambiri, chifukwa akapanda kumukonda mawa agula wina. Mlimi wogula mbewu ya chimanga akalakwitsa, walakwitsa chaka chathunthu. Ntchito ya munthu wolankhula mu uthenga wa malonda ndi kuchotsa chikayiko, ndipo mtundu uliwonse wa wolankhula umachotsa chikayiko chakechake.

Mu 1983 akatswiri atatu a ku America, Richard Petty, John Cacioppo ndi David Schumann, anaonetsa ophunzira a payunivesite uthenga wotsatsa lezala yometera ndevu. Ena anauzidwa kuti pomaliza asankha lezala ngati mphatso ndiponso kuti lezalayo iyamba kugulitsidwa m'dera lawo. Ena anauzidwa kuti mphatso yawo ndi mankhwala otsukira mano, ndipo lezalayo igulitsidwa kutali. Uthengawo unkasinthidwa: pena oyamikira lezala anali akatswiri otchuka a masewero, pena anthu wamba, pena zifukwa zogulira zinali zamphamvu, pena zachabechabe, monga zakuti lezalayo imayandama pamadzi. Amene nkhani ya lezala sinkawakhudza anakopeka ndi nkhope zotchuka. Amene ankadziwa kuti asankha lezala anakopeka ndi zifukwa zamphamvu, ndipo kutchuka kwa wolankhula sikunawasunthe kwenikweni. Musanayerekeze njira zili m'munsizi, dziwani kaye kuti wogula wanu ali m'gulu liti mwa awiriwa.

Munthu wotchuka

Chimene mumagula kwa munthu wotchuka ndi maso ndi makutu a anthu. Amaimitsa chala cha munthu amene akungotsetsereka pa Facebook, amachititsa woyenda pamsewu kutukula mutu n'kuyang'ana chikwangwani. Pa katundu wotsika mtengo amene anthu amagula kawirikawiri mosaganizira, monga zakumwa, mayunitsi, sopo kapena mafuta odzola, zimenezi n'zokwanira ndithu, chifukwa nkhondo yake ndi yakuti dzina lanu libwere msanga m'mutu munthu akafika pa okala.

Zimayenda bwino kwambiri pamene chimene munthuyo amadziwika nacho chikugwirizana ndi katunduyo. Nike inasaina mgwirizano ndi katswiri wa mpira wa basketball Michael Jordan mu 1984, nsapato za Air Jordan n'kuyamba kugulitsidwa mu 1985. Panalibe chofotokoza: anthu ankamuona akudumpha atavala nsapatozo. Yesani nkhope imene mukuiganizirayo motere: funsani anthu khumi kuti atchule mawu atatu amene amabwera akamva dzina lake. Ngati palibe liwu ngakhale limodzi limene mungafune kuti limamatire pa katundu wanu, mukulipira phokoso chabe. Woyimba wodziwika ndi nyimbo za kumowa sangathandize banki kuuza anthu kuti azisunga ndalama.

Zovuta zake n'zitatu, ndipo sizilemera mofanana. Choyamba, wotchukayo amatha kumeza katundu. Anthu amakumbukira kavinidwe kake ndi zimene anavala, koma mukawafunsa kuti amatsatsa chiyani amatchula mdani wanu. Izi zimachitika kamera ikakhala pankhope yake masekondi 25 mwa 30, dzina la katundu n'kungoonekera kumapeto. Mankhwala ake: katundu akhale m'manja mwake kuyambira pachiyambi, ndipo atchule dzinalo ndi pakamwa pake, osati kusiyira mawu olembedwa pansi. Chachiwiri, m'dziko limene anthu otchuka zedi ndi owerengeka, nkhope yomweyo imapezeka ikutsatsa banki, simenti ndi zakumwa nthawi imodzi, ndipo anthu amaleka kuigwirizanitsa ndi chinthu chilichonse.

Chachitatu ndicho chimagwetsa makampani pansi. Mukabwereka mbiri ya munthu, mwabwereka yonse, ndi ya mawa yomwe. Mu Disembala 2009, nkhani za chibwenzi za katswiri wa gofu Tiger Woods zitaphulika, kampani ya Accenture inathetsa mgwirizano naye. Nike inasiya katswiri wopalasa njinga Lance Armstrong mu Okutobala 2012 chifukwa cha mankhwala owonjezera mphamvu. Pa 14 Febuluwale 2013 katswiri wothamanga Oscar Pistorius anawombera chibwenzi chake Reeva Steenkamp ku Pretoria; kampani ya kanema ya M-Net inatsitsa zikwangwani zokhala ndi nkhope yake, ndipo uthenga wakale wa Nike umene unkamuyerekeza ndi chipolopolo cha mumfuti unasanduka chinthu chochititsa nthumanzi. Adidas inathetsa ubale wake ndi woyimba Kanye West mu Okutobala 2022 n'kutsala ndi mulu wa nsapato za Yeezy. Makampaniwa ali ndi maloya ndi ndalama zoyambira pena. Bizinesi yaing'ono imene yasindikiza nkhope ya munthu pa mapaketi a chaka chonse ilibe pothawira. N'chifukwa chake nkhope ya wotchuka ndi bwino kuiika pa zinthu zochotseka msanga, monga wailesi, intaneti ndi chikwangwani, osati pa paketi kapena pakhoma la sitolo.

Mgwirizano ulembedwe, ngakhale munthuyo ndi mnzanu wa kutchalitchi. Unene miyezi yake (6 kapena 12 ndi yabwino poyambira), malo amene chithunzi ndi mawu ake adzagwiritsidwe ntchito, masiku ojambula, chiwerengero cha mauthenga amene iye adzaike patsamba lake, ndi mtundu wa katundu wa adani anu umene sadzatsatsa panthawiyo ndi miyezi ingapo pambuyo pake. Mukhalenso ndime yokupatsani ufulu wothetsa mgwirizano akachita zochititsa manyazi, ndipo malipiro agawidwe m'zigawo, asatuluke onse tsiku losaina. Chimene ambiri amaiwala ndi nyimbo: woyimba akalola nkhope yake sindiye kuti walola nyimbo yake, ndipo pena nyimboyo ili ndi eni ake ena.

Anthu otchuka pa intaneti okha ndi otsikirapo mtengo, koma chiwerengero cha owatsatira chisakupusitseni. Apempheni akuonetseni pafoni yawo ziwerengero za kumene owatsatirawo amakhala ndi zaka zawo. Ngati theka lili ku Johannesburg ndi ku Leeds pamene inu mukugulitsa nkhuku ku Mchesi, theka la ndalama yanu lapita m'madzi. Koma ngati mukutsatsa njira yotumizira ndalama kumudzi, anthu omwewo ndiwo msika wanu. Werenganinso ndemanga za pansi pa mauthenga awo akale a malonda: kodi anthu amafunsa mtengo, kapena amangoyamikira diresi? Ndipo auzeni alembe poyera kuti uthengawo ndi wolipidwa. Ku America, Kim Kardashian analipira $1.26 miliyoni mu 2022 chifukwa chotsatsa ndalama ya pa intaneti ya EthereumMax osaulula kuti anapatsidwa $250,000.

Katswiri

Dokotala, mlangizi wa zaulimi, mmisiri wa magetsi, makanika. Awa amayankha funso lakuti "kodi chinthuchi chimagwiradi ntchito, ndipo sichindivulaza?" Ndiwo oyenera pa mankhwala, mbewu, feteleza, zipangizo za sola, inshuwalansi, paliponse pamene wogula sangathe kudziyesera yekha asanalipire.

Carl Hovland ndi Walter Weiss anaonetsa mu 1951 kuti nkhani imodzimodziyo imakhulupiriridwa kwambiri ikanenedwa kuti yachokera kwa munthu wodalirika. Koma atabwerera kwa anthu omwewo patatha milungu inayi, kusiyanako kunali kutazilala: anthu ankakumbukira nkhaniyo, koma sankaigwirizanitsanso ndi amene anainena. Phunziro kwa wotsatsa n'lakuti katswiri woonekera kamodzi sakwanira. Nkhope yake ndi uthenga wake ziyenera kubwera limodzi mobwerezabwereza.

Chovala choyera chagwiritsidwa ntchito molakwika kwa nthawi yaitali. Mu 1946 kampani ya R.J. Reynolds inkatsatsa ndudu za Camel ponena kuti madokotala ambiri amasuta zimenezo kuposa zina zonse. Mu 2007 bungwe loyang'anira zotsatsa malonda ku Britain linaletsa Colgate kunena kuti madokotala a mano oposa 80 pa 100 alionse amalimbikitsa mankhwala ake, chifukwa pakafukufukuyo dokotala aliyense ankaloledwa kutchula mitundu ingapo, ndipo mtundu wina unkatchulidwa pafupifupi mofanana. Chiwerengerocho sichinali chabodza, koma chinkasocheretsa. Ku Malawi madandaulo a malonda osocheretsa amapita ku Competition and Fair Trading Commission, ndipo za mankhwala zili m'manja mwa Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Kuveka wazisudzo chovala cha dokotala kuti anene kuti mankhwala azitsamba amachiza shuga ndi kudziitanira mlandu.

Katswiri weniweni ali ndi vuto lake: amalankhula ngati ali m'kalasi. Mpatseni mfundo imodzi yokha, ndipo aionetse ndi manja, osangoinena. Mmisiri wa sola ayatse mababu anayi ndi wailesi n'kunena maola amene batire ikhalitse. Ndiponso nthawi zina katswiri wabwino si munthu ayi. Johannes Knoll ndi Jörg Matthes ataphatikiza zotsatira za kafukufuku wambiri mu 2017, anapeza kuti anthu otchuka ankagonja akayerekezedwa ndi zidindo zotsimikizira ubwino wa katundu ndi mphoto zimene katunduyo anapata. Ngati ufa wanu kapena mafuta anu ophikira ali ndi chidindo cha Malawi Bureau of Standards, chikulitseni pa chikwangwani, munachilipira kale.

Kasitomala, munthu wonga wogulayo

Pali chikayiko china chimene katswiri sangachichotse, chakuti "zimenezo zimatheka kwa iwo, osati kwa ine." Apa umboni wabwino unachokera m'midzi ya ku Malawi konkuno. Ariel BenYishay ndi Mushfiq Mobarak, m'kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2019, anayerekeza anthu atatu ofalitsa njira zatsopano za ulimi monga kubzala chimanga m'maenje: alangizi a boma, alimi otsogola amene nthawi zambiri amakhala ophunzirako ndi opezako bwino, ndi alimi wamba amene minda yawo ndi mavuto awo n'zofanana ndi za anansi awo. Alimi wamba ndiwo anakopa anzawo kwambiri, koma pokhapokha atalonjezedwa mphoto yaing'ono, monga mbewu, ngati mudzi wawo uchita bwino. Popanda mphotoyo sankavutika n'komwe kuphunzira njirayo, ndiye panalibenso chofalitsa.

Mbali zonse ziwiri za zotsatirazi n'zofunika kwa wamalonda. Mlimi amamvera mlimi mnzake wa dothi lofanana ndi lake. Mayi wa geni ya mandasi amamvera mayi wina wa geni akamanena za ngongole. Koma makasitomala okhutira sadzakutsatsirani okha mwaulere mpaka kalekale. Pamafunika kuwasankha, kuwaphunzitsa ndi kuwathokoza ndi kanthu.

Pojambula umboni wa kasitomala, musamulembere mawu. Akangoloweza, mawu amauma ndipo aliyense amamva kuti wauzidwa zonena. Mufunseni mafunso anayi: vuto linali lotani musanagule, munkaopa chiyani pogula, chinachitika n'chiyani, ndipo mungamuuze chiyani mnzanu amene akukayika. Jambulani mphindi 10 mpaka 15 kuti mupeze masekondi 20 abwino. Yankho la funso lachiwiri ndilo golide, chifukwa limatchula chikayiko chenicheni cha omvera. Atchule mudzi kapena dera lake ndi manambala ake enieni, matumba angati pa ekala, miyezi ingati akubweza ngongole. Sankhani wokolola bwino mwachizolowezi, osati amene anaposa onse, chifukwa ogula akapeza theka la zimene anamva pa wailesi adzakutchani wakuba. Chilolezo chake chikhale cholembedwa, ndipo adziwe kuti nkhope yake idzaoneka kuti.

Kufooka kwa njirayi n'kwakuti siimitsa anthu. Nkhope yosadziwika pa chikwangwani cha mumsewu waukulu imangodutsidwa. Imagwira bwino pa wailesi za m'madera, m'magulu a WhatsApp, pa masiku achionetsero cha zaulimi, kumene omvera ali kale ndi chidwi.

Mwiniwake, kapena munthu wopeka

Mwini bizinesi salipidwa ndipo sangathawire kwa mdani. Dave Thomas, amene anayambitsa malo odyera a Wendy's ku America, anaonekera m'mauthenga oposa 800 kuyambira 1989 mpaka imfa yake mu 2002. Zimathandiza pamene chikayiko n'chakuti "zikavuta ndikadandaula kwa ndani?", monga pa sukulu, garaja kapena kampani yomanga nyumba. Koma eni ake ambiri satha kulankhula pa kamera, ndipo antchito awo amaopa kuwauza.

Munthu wopeka sakalamba, saledzera, sapempha kukwezeredwa malipiro. Kamunthu kojambula ka kampani ya matayala ya Michelin kakhalapo kuyambira 1898. Ku South Africa, mauthenga a Vodacom amene anayamba mu 1994, momwe Kole Omotoso ankasewera bambo wogulitsa zinthu m'mbali mwa msewu, anachititsa mawu akuti "Yebo Gogo" kulowa m'chilankhulo cha tsiku ndi tsiku. Mtengo wake ndi nthawi: pamafunika zaka zobwereza chinthu chimodzimodzi, ndipo bwana watsopano aliyense amafuna kuyamba zake.

Nanga alankhule motani?

Kusankha wolankhula ndi theka la ntchito. Theka linalo ndi chingwe chimene akoke mumtima mwa womvera, ndipo ziwirizi ziyenera kugwirizana. Wanthabwala woopseza anthu za kolera amasokoneza. Dokotala woyesa nthabwala amachititsa manyazi.

Mantha amagwira ntchito, koma ali ndi lamulo lake. Howard Leventhal ndi anzake mu 1965 anauza ophunzira a payunivesite ya Yale ku America za kuopsa kwa kafumbata n'kuwalimbikitsa kukabayitsa katemera. Ambiri ananena kuti apita. Amene anapitadi anali pafupifupi 3 pa 100 alionse. Koma gulu limene linapatsidwanso mapu osonyeza pamene pali chipatala, maola ake, n'kupemphedwa kusankha nthawi yopitira, linafika pafupifupi 28 pa 100. Kukula kwa mantha sikunasinthe chiwerengero cha obayitsa. Chinasintha ndi mapu. Munthu ukamuopseza osamuonetsa khomo lotulukira, amatseka makutu kapena kunena kuti zimenezo n'za ena. Choncho wotsatsa mankhwala oteteza chimanga ku anankafumbwe asathere pa chithunzi cha thumba lofumbwa. Anene muyezo wa mankhwala pa thumba la makilogalamu 50 monga walembedwera pa botolo, kumene akupezeka, ndi mtengo wake. Pa masekondi 30, khumi akwanira kuopseza; otsalawo apite ku chochita.

Nthabwala zimatsegula makutu ndipo anthu amatumizirana okha, zomwe n'zaphindu bajeti ikakhala yochepa. Koma zimatha msanga kukoma: nthabwala yomveka kachisanu ndi chiwiri pa wailesi tsiku limodzi imayamba kunyansa, ndiye konzani mitundu itatu yosinthanasinthana. Nthabwalayo izungulire pa katunduyo, kuti munthu asathe kuifotokozera mnzake popanda kutchula dzina lanu. Ndipo onani amene akusekedwa. Mu 2011 kampani ya malo odyera ya Nando's ya ku South Africa inatulutsa uthenga woseka Robert Mugabe ngati wolamulira wankhanza wotsala yekha patebulo la Khirisimasi. Ku South Africa anthu anaseka, koma kampaniyo inauchotsa antchito ake a ku Zimbabwe ataopsezedwa. Kwathu kuno nthabwala yonyoza mtundu wa anthu, chipembedzo, olumala kapena apongozi ingathe kukutayitsani chigawo chathunthu.

Zifukwa ndi manambala ndi za wogula amene ali kale pamsika ndipo akuyerekeza. Apa cholakwika chofala ndi kuthira zonse. Kafukufuku wa Marianne Bertrand ndi anzake, wosindikizidwa mu 2010, anatsatira makalata oposa 50,000 amene kampani ina yobwereketsa ndalama ku South Africa inatumizira makasitomala ake akale. Kalata yoonetsa chitsanzo chimodzi cha ngongole inakopa anthu ambiri kuposa yoonetsa zitsanzo zinayi, ndipo kusiyanako kunali kofanana ndi kutsitsa chiwongoladzanja ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Chithunzi cha mkazi wokongola pakona ya kalata chinachitanso chimodzimodzi, makamaka kwa amuna. Anthuwa ankasankha ngongole ya chiwongoladzanja chokwera, nkhani yofunika kuiganizira mofatsa, komabe kachithunzi kanawasuntha. Mapanga awiri avumbwitsa: mtengo umodzi, phindu limodzi, nambala ya foni imodzi.

Za "zatsala zochepa" ndi "mpaka Loweruka lokha" zimafulumizitsa amene anali kale ndi maganizo ogula. Zikakhala zabodza, sitolo imene "ikutseka" chaka chonse imaphunzitsa anthu kudikira.

Kuyesa musanathire ndalama zonse

Konzani mitundu iwiri ya uthenga yosiyana chinthu chimodzi chokha, kaya wolankhula kaya chokopa, osati zonse ziwiri, apo ayi simudzadziwa chimene chagwira. Uliwonse ukhale ndi nambala yakeyake ya foni kapena liwu lake lotchula pogula. Iulutseni kwa milungu iwiri kapena itatu pa nthawi zofanana, ndipo pewani kuyerekeza sabata ya malipiro ndi ya pakati pa mwezi, kapena nyengo yokolola ndi ya Febuluwale.

Kenako gawani. Tiyerekeze kuti uthenga wa woyimba unadya K600,000 n'kubweretsa mafoni 120, ndiye kuti K5,000 pa foni. Wa kasitomala unadya K150,000 n'kubweretsa mafoni 50, K3,000 pa foni. Musaime pamenepo. Werengani amene anagula, chifukwa mafoni obwera ndi munthu wotchuka amakhala ndi ambiri ongofuna kudziwa ngati angalankhule naye. Dziwaninso kuti muyeso umenewu umakondera mauthenga a mtengo ndi a changu, pamene phindu la nkhope yotchuka kapena munthu wopeka limaoneka patapita miyezi. Pa zimenezo yesani mwanjira ina: onetsani uthengawo kwa anthu 15 kapena 20 osakudziwani, pakati pa mauthenga ena anayi, ndipo mawa lake muwaimbire n'kuwafunsa kuti munthu uja amatsatsa chiyani. Ngati oposa theka atchula munthuyo koma dzina la katundu lawathawa, bwererani kokajambula musanalipire wailesi.